Msampha Umene aZakeyo Anaiwala

Lamulungu lapitali, akatekista powerenga mayina a akufa oti tiwapempherere, anafika pa dzina la Zakeyo Mwale n'kunena kuti chaka chakwana. Anthu angapo anacheukira kumbuyo, kubenchi ya pafupi ndi khomo kumene mkuluyo ankakhala. Ine sindinacheuke. Ndinangozyolika mpaka pemphero linatha, ndipo chibwerereni kutchalitchiko mtima wanga sunakhale m'malo. Pamaliro awo anandipatsa mpata wolankhula, koma ndinangonena zimene aliyense amanena pamaliro. Lero ndatenga kaderno kuti ndilembe zimene ndinazisiya.

Ndine profesolo, ndiko kuti mphunzitsi, wa pa eskola ya m'mudzi muno, kuseri kwa Chidzolomondo. Boma litanditumiza kuno, kanyumba kamene anandipatsa kanali koyang'anizana ndi nyumba ya aZakeyo ndi akazi awo aNabanda, pakati pathu pali kamunda ka nyemba basi. Ndinawadziwa mochita kudzidzimuka. Ndinkakonza tcheni cha njinga pabwalo, ndipo podzutsa mutu ndinapeza munthu wamfupi, wa imvi mbuu, ataima pambali panga ndi galu wofiirira. Sindinamve phazi ngakhale limodzi. Anaseka n'kunena kuti akanakhala njoka bwenzi ana a m'mudzi atakhalanso chaka china opanda wowaphunzitsa.

Ankayenda choncho kulikonse, ngakhale popita kukalandira ukalistia: zala patsogolo, chidendene pambuyo, ngati pansi agonekapo khanda. Anali mlenje kuyambira ubwana wawo. Mfuti anapereka nkhondo itatha, ndipo sankaidandaula, ankati mfuti imapatsa munthu ulesi wa maso. Chimene chinawatsalira chinali nthungo yaifupi, mawaya a mabuleki a njinga otcherera misampha, ndi galu uja, dzina lake Sindinena. M'thumba la kazako, jekete lawo lakale, munkakhala kabotolo ka phulusa. Akafika m'tchire ankathira pang'ono pachikhatho n'kuuzira, kuti aone kumene mphepo ikulowera. Sopo wonunkhira amene mwana wawo Rozalina ankatumiza kuchokera ku Beira, kumene ankagwira ntchito ya unamwino, sankamukhudza n'komwe. Ankati gwape amamva fungo limenelo ali kutsidya kwa dambo. ANabanda ankayankha kuti gwapeyo ali ndi mwayi, poti iye amatha kuthawa, pomwe iwo amagona m'nyumba imodzi ndi fungo la mlenje. Mkangano umenewu ndinaumva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse unkathera m'kuseka.

Nyama zinali zitachepa kale pamene ine ndinkafika. Mitengo inkathera m'zigafa za fodya, ndipo mphoyo zimene mkuluyo ankasimba kuti kale zinkadya limodzi ndi mbuzi kudambo, ine sindinazionepo. Kunatsala agwape ndi mbawala zowerengeka m'makwawa a phiri. AZakeyo ankapha mwina kamodzi pamwezi, mwina osapha n'komwe, koma m'mawa uliwonse ankapita. Nthawi ya dzinja, nyama zikakhala ndi bere, ankachotsa misampha yonse n'kumangoyendera mapazi. Pobwera ankandiuza za nyamazo ngati akunena za anansi: yakuti yaswa, yakuti ikutsimphina, tonde wa mbawala wa nyanga yothyoka wasamukira kukhwawa la kumpoto.

Kwawo kunali ku Tsangano. Anabwera kuno ku Macanga pa chikamwini ali mnyamata, ndipo anakalamba anthu akuwatchulabe kuti a ku Tsangano. Iwonso sankafuna kuti dzinalo lithe. Nyengo yozizira ife tikamanjenjemera, iwo ankavula kazako dala n'kumati chisanu cha kuno n'cha ana, kwawo madzi amagona m'ndowa n'kudzuka atachita gwaa pamwamba. Kachewere wa kuno ankati ndi madzi okhaokha. Koma kwawoko anali asanapondekonso kwa zaka zambiri. Mayi awo anamwalira nthawi imene misewu inali yosayendeka chifukwa cha nkhondo, ndipo anaikidwa iwo kulibe.

Lamulo lawo lalikulu linali la msampha. Ankati munthu akatchera ndiye kuti wadzimanga yekha mwendo: sayenera kugona kutali, sayenera kupita kumowa, ngakhale kudwala sayenera, kufikira atakaonjola. Kupha nyama ankati si tchimo, tchimo n'kuisiya ikudzipha yokha pang'onopang'ono ndi waya pakhosi. Pa lamulo limeneli anadana ndi anthu ambiri. Amene anamva kuwawa koposa anali Armando, bambo wa ana atatu, mlimi wa fodya, yemwe chaka china anatchera mawaya ambirimbiri m'phiri n'kupita ku Furancungo kukakhala sabata yathunthu. AZakeyo anapeza mbawala yaikazi itaolera pa umodzi mwa misamphayo. Anazula mawaya onse, n'kudikira tsiku limene Armando anali pachigayo pakati pa anthu. Anafika n'kumukoleka mawayawo m'khosi ngati mikanda.

"Tavala, uone mmene amamvekera," anatero.

"AMwale, mukundichititsa manyazi pagulu chifukwa cha nyama?"

"Manyazi atha mawa. Ija yakhala masiku angati ikukudikira?"

Amayi anaseka, ndipo Armando anachoka osatenga ufa wake. Kwa zaka ziwiri sanapereke moni kwa mkuluyo.

Za maulendo zinayamba atadwala chibayo. Anagonekedwa kuchipatala ku Furancungo, ndipo pabedi loyandikana nalo panali mkulu wina amene moyo wake wonse anali woyendetsa malole. Munthuyo ankawasimbira za mizinda ndi mitsinje imene anaoloka, mpaka tsiku lina anasiya nkhani pakati, ndipo m'mawa mwake bedi linali lopanda munthu. AZakeyo atachira anabwera pakhonde panga n'kundipempha pepala ndi cholembera. Iwo sankatha kulemba.

"AProfesolo, lembani lista. Ndaona kuti munthu amatha kufa akudziwa njira zonse za agwape koma osadziwa kumene msewu wa pakhomo pake umathera."

Ndinalemba mmene ankanenera. Choyamba, kuoloka ponte, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, ndi mapazi awo, osati pagalimoto. Chachiwiri, kulawa madzi a nyanja ya mchere ku Beira, aone ngati anthu sanama. Chachitatu, kukwera komboyo, sitima ya pamtunda, ngakhale kuchokera pa siteshoni ina kukatsikira pa yotsatira. Atafika pamenepo aNabanda, amene ankamvetsera ali m'munda wa nyemba, anabwera akupukuta manja. Anati ndilembenso Maliya, mng'ono wawo, amene anathawira ku Zambia pa nkhondo n'kukwatiwa ku Katete. Chisiyanirane ali atsikana anali asanaonanenso, ankangomvana mawu pa telefoni. Chomaliza aZakeyo anati ndilembe manda a mayi awo ku Tsangano.

"Maliya akhale woyamba," anatero aNabanda.

"Maliya ndi wamng'ono kwa tonsefe, Nabanda. Atidikira."

"Nanga amayi anu mwawaika kumapeto bwanji?"

"Iwo ndiye sapita kulikonse."

Pepalalo analipinda n'kulisunga m'buku la nyimbo.

Ulendo unabwera modzidzimutsa, nyengo ya dzuwa lotentha mvula isanagwe. Rozalina anaimba telefoni kuti wapeza masiku opuma, apite akamuone ku Beira, ndipo tsiku lomwelo kunamveka kuti lole ya munthu wina wa m'mudzi woyandikana inyamuka m'mamawa kupita ku Tete. ANabanda anayamba kuchapa ndi kumanga katundu, aZakeyo anathamangira kutchire masana kukachotsa misampha. Pobwera anakoleka mawaya pamsomali wa pakhonde, n'kumukokera Sindinena kwa ine ndi chingwe.

"Uyu ndi wanu kwa masabata atatu. Mumumange, apo ayi atitsatira mpaka ku Beira."

Za kumeneko anandiuza ndi aNabanda patapita nthawi. Ku Tete mkuluyo anaolokadi ponte wapansi, atagwira chitsulo cha m'mbali, ndipo atafika pakati anaima nthawi yaitali akuyang'ana madzi, n'kunena kuti mtsinje wotere sungakhale ndi chiyambi. M'machimbombo, basi yopita ku Beira, sanagone, ankafunsa dzina la mudzi uliwonse. Kunyanja anafika tsiku lachisanu. Anavula nsapato, analowa mpaka m'mawondo, anatapa madzi ndi dzanja n'kulawa, ndipo analavula akuseka ngati mwana, amvekere, "Sananame!" ANabanda akuti anali asanawaonepo akusangalala chotero.

Kenako pamchenga anaona msodzi wina akumanga mfundo pa chingwe cha ukonde. Anaima n'kumayang'ana zala za munthuyo. Kuseka kunatha. Anayamba kupinda zala zawo chimodzichimodzi, n'kuyambiranso.

"Nabanda, pamsomali paja ndinakolekapo mawaya angati?"

"Ndinawerenga ine? Ndinali kuchapa."

"Ndili nawo seis, asanu ndi umodzi. Ndikuona ngati ndinakoleka asanu."

Rozalina anayesa kuwakhazika mtima pansi, anati aimbira aProfesolo kuti akaone. Koma masiku amenewo netiweki kuno inkapezeka pachulu cha kuseri kwa eskola pokha, ndipo telefoni yanga sinalire. AZakeyo sanadyenso bwino. Komboyo anakana kukaiona. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi chichokereni, ndinawaona akutsika pa mota, njinga yamoto, kumsewu, aNabanda akubwera pambuyo nkhope ili gwaa.

Tsopano ndinene za mbali yanga, chifukwa mbiri ya mkuluyu singamveke popanda zimenezi.

Sindinena analira masiku awiri ali pachingwe, osadya. Ndinamumvera chisoni n'kumumasula. Anadya, anagona pakhonde la mbuye wake, ndipo ndinati zatha. M'mawa wa tsiku lachitatu, nthawi imene ankanyamukira ndi aZakeyo, ananyamuka yekha kulowera kutchire. Anapita kukayendera misampha monga ankachitira masiku onse. Sanabwere.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinamva galu akulira cha kumsitu wa manda, kumunsi kwa minda. Sikunali kuuwa. Kunali kulira kwautali, kokoka, kumaduka n'kuyambiranso. Mawuwo ndinawadziwa. M'mawa mwake amayi pachitsime ankanong'onezana kuti ndi malodza, poti m'mudzi munali nkhalamba ina yodwala kwambiri, ndipo galu akamalira kumanda palibe amene amapitako kukaona. Ine ndinali mlendo, wosaloledwa kulowa m'msitu umenewo popanda eni mudzi. Inalinso sabata ya maprova, mayeso a ana a eskola, ndinali ndi mapepala ambiri oti ndichonge. Zifukwa ndinali nazo zokwanira. Ndikanatha kupita kwa akuluakulu kukapempha kuti wina andiperekeze, koma ndinaopa kusekedwa kuti profesolo wasokoneza mudzi chifukwa cha galu. Ndinadziuza kuti akulira mbuye wake, atopa abwera. Tsiku lachiwiri mawuwo anasasa. Tsiku lachitatu ankamveka pokhapokha mphepo ikachokera kumeneko. Tsiku lachinayi kunali zii.

AZakeyo asanalowe n'komwe m'nyumba anapita pamsomali n'kuwerenga mawaya. Analidi asanu. Kenako anadutsa m'munda wa nyemba kubwera kwa ine.

"Sindinena ali kuti?"

"Anachoka tsiku lachitatu, aMwale. Ndinamumasula chifukwa sankadya. Sanabwerenso."

"Analowera kuti?"

"Kutchire."

"Simunamve kanthu?"

Ndinati ayi. Anafunsa nyumba ndi nyumba, ndipo mudzi wonse unayankha chimodzimodzi. Sitinapangane. Aliyense payekha anaona kuti n'chapafupi kunena kuti sanamve.

Chimene chinawazunza n'chakuti sankakumbukira pamene anatchera msampha wachisanu ndi chimodziwo. Isanu ija inali m'malo awo a masiku onse. Uwu anautchera mwapadera, dzulo lake la ulendo, atawona mapazi atsopano a gwape penapake. Ankati manja awo akukumbukira kumanga mfundo, maso akukumbukira kamtengo kopindika, koma malowo achoka m'mutu ngati munthu wawafufuta. Ndiponso iwo ali ku Beira moto unali utadutsa m'phiri, tchire lonse n'kusanduka lupsa, zizindikiro zonse n'kupsa.

Anayamba kufunafuna tsiku lomwelo, ndipo anafunafuna zaka ziwiri. Ankanyamuka kukangoyera n'kubwera dzuwa litapendeka, miyendo ili yakuda ndi phulusa. Anayenda khwawa lililonse, anakwawa m'ziyangoyango, anafika kumapiri amene anali atasiya kupitako kalekale chifukwa cha ukalamba. Anali ndi chikhulupiriro choti msamphawo uli kutali, poti ukanakhala pafupi anthu akanamva galu. Kusaka anasiyiratu. Munthu wina anawaona tsiku lina gwape atawadzukira pamapazi penipeni, iwo osatembenuza n'komwe mutu, maso ali pa tsinde la mtengo. Mawaya asanu aja anachita dzimbiri pamsomali. Anthu ankawapatsa tiana ta agalu, iwo n'kumabweza. Ankati msampha umene sunaonjoledwe umakhala ukugwirabe ntchito, ndipo mwini wake alibe ufulu wogona tulo tabwino.

Ine ndinkawaona m'mawa uliwonse akudutsa pakhomo panga kulowera kuphiri, kumbali yosiyana ndi kumanda. Ankandipatsa moni, ine n'kuyankha. Tsiku lililonse lopita linkachititsa kuti kunena zoona kukhale kovuta kuposa dzulo lake.

ANabanda poyamba ankawanyengerera. Ankati mwina waya winayo anamangira nkhokwe, mwina galu anagwidwa ndi fisi. Chaka chachiwiri kunabwera uthenga woti Maliya akudwala ku Katete. Mkangano wa tsiku limenelo unamveka mpaka pakhonde panga.

"Bambo a Rozalina, mng'ono wanga akundiitana."

"Tipita mwezi wa mawa. Kwatsala khwawa limodzi la kumadzulo."

"Mwezi watha munanenanso zomwezo. Galuyo anafa kalekale, ngakhale mafupa ake anatha. Mukufuna chiyani m'tchiremo?"

"Waya saola, Nabanda. Ukadali potchera. Lero galu, mawa mwana wa munthu wokatola nkhuni."

"Ndiye ine ndipite ndekha? Ine amene sindidziwa ngakhale pokwerera shapa ku Furancungo? Malire ndikawaoloka bwanji?"

"Ndati mwezi wa mawa."

Mwezi wa mawawo usanafike Maliya anamwalira. Uthenga unabwera atamuika kale. ANabanda sanalire mokweza. Anakhala pamphasa masiku atatu, kenako anadzuka n'kuyamba ntchito zawo, koma kwa nthawi yaitali sanalankhule ndi amuna awo. Chakudya ankangochiika pakhonde n'kubwerera kukhitchini. Kuseka kwa m'nyumba ija sikunabwererenso ngati kale.

Msamphawo unapezeka pa maliro a amalume awo a aNabanda. Adzukulu, amene amakumba manda, ankalambula kanjira katsopano m'mphepete mwa msitu chifukwa kakale kanali katakokoloka. Mmodzi wa iwo anali Armando. Chikwanje chake chinagunda waya womangidwa pa kamtengo ka msuku, utayamba kale kumira m'khungwa. Pansi pake, m'masamba, munali mafupa ndi chigaza cha galu. Dothi lozungulira kamtengoko linali lokumbika ngati mbale, mmene galuyo anazungulirira.

Armando akanatha kubweza zimene zinachitika pachigayo. Anthu anali ambiri tsiku limenelo. Koma anauza anzake kuti asanene kanthu, anadula wayawo, n'kuukulunga m'masamba a nthochi. Mwambo wa maliro utatha anadikira kuti aZakeyo akhale okha kuseri kwa nkhokwe, n'kugwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Mkuluyo anamasula masambawo n'kuyang'ana mfundo. Mfundo yawo inali yodziwika, ankapotokola kawiri n'kubweza nsonga m'kati. Sanafunse kuti ndi wa yani. Anangofunsa kuti unali pati. Atauzidwa anati inde, gwape uja ankagona m'msitu wa manda poti ndi malo okha amene mitengo inatsala, ndipo iwo anatchera panjira yake yotulukira.

Mafupawo anakawatola okha atapempha chilolezo, n'kukawakwirira kumalire a munda wawo. Mawa lake masana, nditangoweruka ku eskola, anabwera n'kukhala pakhonde panga. Ndinawapatsa mpando, anakana, anakhala pansi. Ndinayesa kuyambitsa nkhani ya mvula, anangokweza dzanja kuti ndikhale chete. Patapita kanthawi kunamveka likhweru kuchokera kumsitu wa manda, lalitali, lomveka bwino lomwe ngati woimbayo ali kuseri kwa nyumba. Anali Armando. AZakeyo anamutuma kuti akaime pa kamtengo kaja.

"Mwamva, aProfesolo?"

"Ndamva."

"Ine makutu anga anakalamba, koma ndamvanso." Anatola kachitsotso n'kumakathyolathyola. "Galu uja analira masiku angati?"

"Atatu."

"Munadziwa kuti ndi iye?"

"Ndinadziwa."

Ndinayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna kuti atero. Ndinayamba kufotokoza za maprova, za malodza, za kuopa eni mudzi. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Wotchera ndine," anatero. "Za galu musazisenze, n'zanga. Inu munangomva, ndipo kumanda ngakhale eni mudzi amaopa." Anadzuka pang'onopang'ono atagwira nsanamira. "Koma tsiku lija ndinakufunsani. Mukanangoloza ndi chala, ndikanaupeza dzuwa lisanalowe. Nabanda akanamuona mng'ono wake."

Anadutsa m'munda wa nyemba kubwerera kwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva mapazi awo. Ankakhwekhwereza.

Nkhaniyi sanaitchulenso, kwa ine kapena kwa wina aliyense m'mudzi, ngakhale ankadziwa kuti aliyense amene ankamupatsa moni anamva kulira kuja. ANabanda sindikudziwa ngati anawauza. Mkuluyo moni sanasiye kundipatsa. Maungu akacha ankanditumizira. Armando ndiye anasanduka mnzawo, ankabwera kudzawathandiza kufolera denga, ndipo awiriwo ankakhala limodzi pabwalo nthawi yaitali. Kutchire mkuluyo ankapitabe, koma chapafupi, wopanda nthungo, wopanda waya. Ankakhala pamwala wina woyang'ana kudambo mpaka dzuwa litakwera, n'kubwerera.

Chaka chomwecho anauza aNabanda kuti akonzeke, apite limodzi ku Tsangano mvula isanayambe. Akuti anawapemphanso kuti akadzachoka kumeneko akafike ku Katete, akaone pamene Maliya anagona. ANabanda anavomera, ndipo anthu anaona kuti ayambiranso kudyera pamodzi. Koma miyendo ya mkuluyo inayamba kutupa, nsapato zinakana. Anati adikire iphwe. Mvula inabwera msanga, msewu unaonongeka, ndipo mmene unkauma iwo anali asakuthanso kufika ngakhale kutchalitchi. Rozalina anabwera ndi mankhwala, anafuna kuwatenga, anakana.

Ndinawaona komaliza kutatsala masiku awiri kuti amwalire, masana, atawagoneka pamphasa pamthunzi. Anandipempha kuti nditenge pepala lija m'buku la nyimbo ndiwawerengere. Nditatchula ponte anagwedeza mutu. Nditatchula nyanja anamwetulira n'kunyambita milomo. Pa komboyo anaseka mpaka kutsokomola, anati imeneyo akwere ena. Nditafika pa Maliya ndinachita chibwibwi, ndipo aNabanda, amene anali pomwepo akusenda chinangwa, anati, "Pitirizani, aProfesolo." Ndinawerenga chomaliza. AZakeyo anatseka maso n'kunena kuti mayi awo anali munthu woleza mtima, koma mwina apa anyanya kuwadikiritsa. Anamwalira nthawi yokolola, ndipo anaikidwa kuno, m'msitu womwe uja, pakati pa abale a akazi awo. Ku Tsangano kunachokera anthu awiri okha, adzukulu a mlongo wawo, amene sanawaonepo ali moyo.

Patatha miyezi itatu Rozalina anabwera kudzatenga mayi ake. ANabanda anagawa nkhuku ndi miphika kwa abale, n'kukwera mota atafunda chitenje kumutu, osayang'ana kumbuyo.

Nyumbayo ilipobe, ndimaiona ndikangotsegula chitseko changa. Chitseko chake anachimanga ndi luzi, ndipo luzilo chiswe chadya, kotero mphepo ikawomba chimatseguka pang'ono n'kudzitsekanso. Denga lagwera m'kati mbali ya kuchipinda. Mtondo anausiya chozondoka pafupi ndi nkhokwe ndipo wamera bowa. Dzungu lina linamera lokha padzala, layanga mpaka pamwamba pa khitchini n'kubereka, koma palibe amene wathyolapo, ngakhale ana a eskola amene salekerera chilichonse. Mbuzi za eni ake zimabisala mvula pakhonde.

Kuseri kwa nyumbayo kunkayambira kanjira kolowera kutchire, kopapatiza, kokwana phazi limodzi. Sikankapita kumunda kapena kuchitsime, ndipo palibe wina ankakayenda. Dzinja lapitali udzu unakula n'kugwerana kuchokera mbali zonse ziwiri. Dzulo nditaweruka ndinati ndikatsatire ndione kumene kankathera. Ndinapatula udzu ndi manja, ndinaona pansi pali poterera pang'ono, ndinayenda mwina mapazi makumi awiri. Kenako ndinaima pakati pa tsekera wondipitirira msinkhu, ndikuyang'ana uku ndi uku, ndipo panalibenso chosonyeza kuti munthu anadutsapo.